Ana a zaka 5 apite ku pulayimale kapena akhale kwa alezi? Gulu la makolo, Bangwe

Mayi a Tadala: Mwaswera bwanji nonse pa gulu pano. Pepani ndilemba zambiri koma mtima wanga sunakhale pansi chichokereni ku mitingi ya dzulo kusukulu kuja. Amene simunabwere, ahedi anaitana ife alezi a masukulu atatu a mmera mpoyamba a mdera lino, a komiti ya sukulu, a PTA ndi amayi a mother group, nkhani yake ndiyoti ana a zaka 5 amene Seputembala wa chaka chamawa alowe sitandade 1 azikhala ndi kalasi yawoyawo yowakonzekeretsa, yaulere, ndipo akuti tigwirane manja sukulu ndi ifeyo. Mawuwo ndi okoma palibe angakane. Koma titafunsa kuti kalasiyo ikhala kuti, ena akuti kusukulu konko mkachipinda kaja amasungiramo madesiki othyoka, ena akuti ayi ana akhale komwe ali ku ma CBCC athu, masukulu a mmera mpoyamba a mmudzi omwewa, koma mphunzitsi azibwera kudzatithandiza. Tinabalalika osamvana. Ndiye ndati ndibweretse pano poti ana ake ndi anu omwe

Bambo a Yami: Zikomo mayi potiuza. Ine sindikuona chovuta, ngati zili zaulere apite kusukulu konko basi. Wanga wachiwiri uja ndikulipira K30,000 pamwezi ku nasale ya munthu, kuonjezera yunifolomu, kachikwama, tsiku lililonse katenge kamba, mafuta akasowa minibasi yathu ikagona pa layini masiku atatu mwezi umenewo mwana amangokhala pakhomo kusewera ndi fumbi. Boma likalowapo ife tipumeko

Nachisale: Zoona zimenezo achimwene, fizi ya nasale yatikwana

Madamu Nambewe: Ndiyankhuleko monga munthu amene ndimawalandira ana amenewa mu sitandade 1. Chaka chino mu rejisita mwanga muli ana 131, ndekhandekha, amakhala pansi pa simenti mpaka wakutsogolo mawondo ake amagunda khoma la bolodi. Boma limati mphunzitsi mmodzi ana 60 koma izo timangozimva. Sabata yoyamba ya teremu sindifunsa kuti uyu anadutsa kwa alezi kapena ayi, ndimangoona. Wodutsa kwa alezi amadziwa dzina lake lonse ndi la mayi ake, akafuna kuchimbudzi amakweza mkono, ukamupatsa pensulo amaigwira ndi zala zitatu bwinobwino. Winayo amaifumbata dzanja lonse ngati mthiko, buku amalitsegula chozondotsa, amalira mpaka 9 koloko, pa buleki amathawa ulendo wa kunyumba osabweranso mpaka Lolemba. Ndipo mukayang'ana obwereza sitandade 1 mkalasi mwanga ambiri ndi omwewa. Ndiye kalasi yokonzekerayo ine ndikuifuna ndi mtima wonse. Koma kunena kuti ikhale kusukulu kwathu, amayi ndi abambo, malo ake ati? Sitandade 3 ina ikuphunzirira panja pansi pa mtengo wa mango, mvula ikayamba timawaweruka 10 koloko. Kachipinda akunenako ndikakudziwa, zenera ndi limodzi, mukalowa ana 40 mwadzaza, pomwe ana a zaka 5 mdera lino sangachepere 200

Bambo a Yami: Nanga si amange block ina madamu

Madamu Nambewe: Ndi ndalama ziti achimwene? Ka SIG, kandalama ka boma kotukulira sukulu, kamene timalandira kamathera choko, kukonza zitseko ndi kupopa zimbudzi, kameneko nkomwe kamabwera mochedwa

Agogo Mbewe opuma: Ana anga ndiloleni nane ndiponyepo mawu, mdzukulu wanga ndiye akundilembera poti maso avuta. Ine ndinali pa choko mu 1994 pamene a Muluzi analengeza kuti pulayimale ndi yaulere. Chinali chinthu chabwino zedi, ana amene makolo awo sakanatha kulipira anabwera, dziko lonse chiwerengero chinachoka pa 1.9 miliyoni kufika cha mma 3 miliyoni chaka chimodzi chokha. Koma makalasi analipo omwewo, mabuku omwewo. Analemba anyamata ndi atsikana ongomaliza folomu 4, ena a JC, kuwaphunzitsa masabata ochepa nkuwapatsa kalasi. Ine mmawa wina ndinapeza ana odzaza bwalo lonse, tinawagawa poloza ndi ndodo, awa mtengo uwu awo mtengo uwo. Mpaka lero chipsera chake sichinathe, ndi chomwecho madamu akunena cha ana 131. Sindikukana zaulere ayi. Ndikuti musathamangire kukokera tiana ta zaka 5 pa malo amene akulu awo akusowa pokhala, pamene kwa alezi kuli kale denga, mphasa ndi poto wa phala

Nachisale: Agogo mwayankhula, koma kwa alezi kwina denga lake ndi la pepala la pulasitiki, tisabise

Mayi a Tadala: Sitikubisa achemwali. Kwathu timagwiritsa ntchito ka tchalitchi, Lachisanu tikaweruka timachotsa zithunzi zonse pakhoma, Lolemba kumatanso. Kwa anzathu a kumtunda kuja namondwe wa Freddy anagwetsa khoma mu Malichi 2023 mpaka pano anangoimika mitengo ndi mapepala. Zimenezo ndiye zofunika kuti mgwirizanowu utithandize. Koma mundimvetse chimene chikundiwawa ine. Tili ndi ana 74, a zaka 3 mpaka 5. Makolo amasonkha K2,000 pamwezi ya ufa, soya, shuga ndi nkhuni, ena amabweretsa chimanga mmbale ena amangobwera kudzaphika tsiku lawo. Amene amasonkha mokhulupirika kwambiri ndi makolo a ana a zaka 5, chifukwa amaona kuti mwana watsala pang'ono kulowa sukulu. Mukawachotsa amenewo 30 ndiye kuti poto wa phala wachepa ndi theka, ndipo tiana ta zaka 3 tambiri timabwera titagwiridwa dzanja ndi mkulu wake wa zaka 5 yemweyo poti mayi alawirira ku msika wa Limbe 5 koloko mmawa. Mkulu akapita ku pulayimale wamng'ono abwera ndi ndani? Akhala pakhomo. Mukhala mwathandiza mwana mmodzi nkugwetsa mng'ono wake

Achimwene a ku Joni: Moni kumudzi konko. Nkhani iyi yandigwira chifukwa kuno ndaiona ndi maso. Kuno ali ndi Grade R, chaka chimodzi mwana asanalowe Grade 1, ndipo masukulu ambiri a boma ali nayo pa sukulu pompo, mu 2024 anachita kuika mu lamulo kuti mwana aliyense adutsemo. Komanso mu 2022 anachotsa nkhani za ana ang'onoang'ono ku unduna wa Social Development kupititsa ku unduna wa maphunziro kuti zikhale pamodzi. Ma creche, masukulu a mkaka a mmakomboni, alipobe ndipo olembetsedwa boma limawapatsa ndalama pa mutu wa mwana patsiku, kwa zaka zingapo inali R17. Koma vuto ndi lomwe mayi a Tadala akunenalo, mayi wina pafupi ndi pomwe ndimakhala ana akuluakulu atapita ku Grade R anatsala ndi makanda okhaokha ofuna manapi, ntchito yambiri ndalama yochepa, ndipo thandizo la bomalo sankalandira chifukwa nyumba yake ya malata sinakwane pa zofunika kuti alembetsedwe. Anatseka. Ndiye mukamakambirana funsitsani kuti amene alowe mu mgwirizano ndi ati, mwina adzati okhawo a nyumba ya njerwa zootcha ndi mpanda, enawo atsale

Che Jafali: Inu tiyeni tinene chilungamo osanyengererana. Alezi ambiriwa sukulu sanapite nayo patali, ena sitandade 8 sanamalize, tsiku lonse kumangoimbitsa ana nyimbo ndi kuwomba mmanja kenako phala kenako kwanu. Ameneyo angakonzekeretse mwana sukulu? Mwana apite kwa mphunzitsi amene anadutsa ku TTC, koleji ya aphunzitsi, ali ndi satifiketi yake, izi za chifundo zitichedwetsa

Nachisale: Eee Che Jafali mwalasa

Mayi a Tadala: Bambo Jafali sindikwiya chifukwa ambiri amaganiza choncho, ndipo nzoona ine folomu 2 ndi pamene ndinalekezera. Thireningi ndinapanga ya masabata awiri yokha zaka 9 zapitazo, satifiketi yake ili mchikwama. Koma tabwerani mawa 8 koloko mudzaone nyimbo mukunenazo. Tili ndi chidebe cha zitsekerero za mabotolo a Fanta ndi Sobo zimene ana anatola okha, mwana aliyense amatapa dzanja limodzi nkuziyala pa mphasa, zofiira uku zobiriwira uku, kenako awerenge mulu uliwonse andiuze waukulu ndi uti. Kamtsikana kena kanabwera Janyuwale kosayankhula ndi munthu, kakungoyamwa chala pakona, sabata yatha kanandikoka chitenje nkunena kuti aunt zanga zofiira zilipo 7 za Chifu zilipo 5 ndamuposa ndi ziwiri. Ndamuposa ndi ziwiri, bambo, mwana wa zaka 4 ndi miyezi. Sindinamulembere pa bolodi, bolodi tilibe. Timaumba ng'ombe za dongo kuti zala zilimbe, timalemba pa mchenga ndi kamtengo, nthano timakamba ndipo iwo amabwereza. Ndipo ine ndi amene ndimadziwa kuti uyu lero sanadye chigonere, uyu mayi ake ali ku chipatala, uyu khutu likutuluka mafinya. Zaka 11 ndikuchita zimenezi osalandira kanthu kupatula sopo amene komiti imatigulira pa Khirisimasi. Ndiye lero zaulere zabwera ndi ndalama zake mundiuze kuti zikomo mayi pitani kwanu?

Madamu Nambewe: Ndiikire umboni. Ife ku TTC sanatiphunzitse kusamala mwana wa zaka 4 kapena 5, anatiphunzitsa kuphunzitsa wa zaka 6 kupita mtsogolo, kulemba sikimu ndi lesoni pulani, kumaliza silabasi. Mukandipatsa tiana timeneti ndikuuzani zoona ndidzatikhazika pansi mmizere nkuyamba a e i o u pa bolodi ngati sitandade 1 yaing'ono chifukwa ndi zomwe ndimadziwa. Iwowa ali ndi chimene ine ndilibe, ine ndili ndi chimene iwo alibe, monga kudziwa kuti buku la Chichewa la sitandade 1 limayamba ndi maliwu ati ndipo mwana afike akudziwa chiyani

Che Jafali: Chabwino ndamva, sindimanyoza munthu. Koma nkhawa yanga ikadalipo, ma CBCC ena mlezi akadwala kapena kukagwa maliro amatseka sabata yathunthu palibe wofunsa. Kusukulu ya boma kuli ahedi, kuli a PEA, alangizi a zamaphunziro, amayendera

Mayi a Tadala: Pamenepo ndiye mwanena zoona, ndipo chifukwa chake nchoti munthu wongodzipereka sungamukakamize. Mnzanga amene tinayamba naye anasiya chaka chatha anapita kukagwira ntchito ya mnyumba ku Namiwawa, ana ake adye chiyani. Kwacha itagwa ndi 44% mu Novembala 2023 zinthu zitakwera alezi ambiri anathawa choncho, ena ophunzitsidwa kale. Tinamva kuti boma linayamba kupereka kangachepe kwa alezi ena koma kwathu kuno sitinakaone

Mayi Phiri Zitenje: Zitenje zatsopano zafika za ku Tanzania, ma java ndi ma wax, ofuna inbox

Admin Gondwe: Mayi Phiri chonde malonda Loweruka monga tinagwirizana, pano tili pa nkhani ya ana

Mayi Phiri Zitenje: Pepani a admin. Koma poti ndalowa kale ndinenepo, ine wanga ndikufuna azilankhula chizungu, nchifukwa ndinamuchotsa ku CBCC kupita naye ku nasale yolipira. Kalasi yatsopanoyi aziphunzitsa mchizungu kapena?

Madamu Nambewe: Mayi Phiri ana a ku nasale zolipira ndimawalandiranso. Amabwera akuimba A mpaka Z, masiku a sabata mchizungu, miyezi yonse 12, ukawafunsa how are you amayankha onse pamodzi mokweza. Koma ukamuonetsa chilembo m nkumufunsa kuti ichi chimalira bwanji, zii. Ukamuuza kuti tandifotokozera zimene unaona pobwera kusukulu, sangathe mchizungu ndipo mChichewa amachita manyazi chifukwa anamuuza kuti Chichewa nchoyankhula osaphunzira. Si onse ayi, nasale zina zimagwira ntchito yabwino. Koma mwana amene amatha kukamba nthano yonse mchiyankhulo chake, kufunsa mafunso, kumva kuti mawu akuti mayi ndi madzi amayamba mofanana, ameneyo kuwerenga amakugwira msanga ndipo chizungu chimadzakhala pamwamba pake. Nyimbo za chizungu ziwiri zitatu palibe choipa, alezi amaimbitsa kale

Bambo a Yami: Mmm apa ndaphunzirapo, wanga amaimbadi Monday Tuesday koma dzulo ndamufunsa lero ndi lachingati wangondiyang'ana

Alangizi a zaumoyo: Ndiwonjezepo za mbali yathu poti ndimayendera malo onse awiri. Zimbudzi za ku pulayimale anakumbira ana akuluakulu, bowo lake mwendo wa mwana wa zaka 5 umalowa wonse, ndipo pa buleki pamakhala mzere wa anyamata a sitandade 7, kamwana kangapirire pamenepo? Kadzangodzithira mkabudula kapena kupita kuseri kwa kalasi. Tisaiwale kuti Janyuwale 2023 sukulu za mu Blantyre ndi Lilongwe zinachedwa kutsegulidwa chifukwa cha kolera. Ku ma CBCC nako sikuti kuli bwino, kwina chimbudzi ndi cha eni tchalitchi chokiya, madzi amagula pa kiosk ndowa ziwiri patsiku zophikira ndi kusamba mmanja zomwezo. Koma kumeneko kukonza nkosavuta, ka silabu ka bowo laling'ono ndi ka mpondagiya pakhomo basi. Komanso ife sikelo, vitamini A ndi mankhwala a njoka za mmimba timakapereka konko chifukwa ana osakwana zaka 5 timawapeza pamodzi, mlezi amatiuza kuti uyu akuonda tamuyezani. CBCC ikafa ife tiziwasaka khomo ndi khomo

Nachisale: Nanga msewu? Ochokera kutsidya kuja kuti afike ku pulayimale adutse msewu waukulu pomwe njinga za kabaza zimathamanga ngati zapenga. Wa zaka 5 ine ayi sindingalole

Tcheyamani wa komiti: Ndakhala ndikuwerenga mwakachetechete, ndiyankhe monga amene ndinakhala kutsogolo dzulo. Choyamba palibe amene wathamangitsa alezi, mayi a Tadala mtima ukhale mmalo. Chimene chikutivuta nchoti zinthu ziwirizi zili mmanja mwa maunduna awiri. Sukulu za mmera mpoyamba zili pansi pa unduna wa za jenda kudzera ku ofesi ya Social Welfare, ndondomeko yake inakhazikitsidwa mu 2003 nkuunikidwanso mu 2017, pomwe pulayimale ili ku unduna wa zamaphunziro. Ndiye ahedi akuti ine mphunzitsi wanga ndingamutumize bwanji kukagwira ntchito pa malo amene sali mmabuku mwanga, akavulala panjira ndiyankha chiyani kwa a PEA. Ndi funso lomveka. Nawo alezi akuti ife amatiyang'anira ndi a Social Welfare ndi komiti ya makolo, ahedi asabwere kudzatilamula. Nalonso lomveka. Maganizo amene ine ndinapereka ndi awa, ana akhale komwe ali, malo onse atatu, koma a zaka 5 azikhala pagulu pawo maola awiri mmawa uliwonse. Madamu a sitandade 1 azikumana ndi alezi kamodzi pa masabata awiri masana ana ataweruka, kukonza limodzi zoti achite. Teremu yachitatu ana azibwera kusukulu Lachisanu lililonse ndi mlezi wawo, adzaone kalasi, adzamve belu, adziwe nkhope ya madamu ndi komwe kuli chimbudzi. Ndipo mayina awo alowe mu kaundula wa sukulu kuchokera kwa alezi, ndi zaka zawo zoona zochokera mbuku la kusikelo, tisiye zija zomuuza mwana kuti agwire khutu podutsitsa mkono pamutu

Agogo Mbewe opuma: Zogwira khutuzo tinachita ife zaka zambiri, mwana wamfupi wa zaka 8 kumubweza, wamtali wa zaka 4 kumulemba

Che Jafali: A tcheya zikumveka koma ulere uli pati pamenepo? Makolo azisonkhabe K2,000 yomweyo? Ndiye chasintha nchiyani

Tcheyamani wa komiti: Funso limenelo ndi limene tinakanika dzulo bambo. Ahedi ananena kuti atha kugawako choko, mapepala ndi mabuku akale. Za phala tinati tikafunse ngati amene amatipatsa ufa wa phala kusukulu angawerengere ndi ana a zaka 5 amene ali kwa alezi, poti Mary's Meals chiyambireni kuno ku Malawi mu 2002 imadyetsanso ana a mmasukulu a mkaka ena, koma sitinalonjezedwe kanthu ndiye ndisakunamizeni. Za malipiro a alezi sukulu ilibe mphamvu

Mayi a Tadala: Ndiye pamenepo ndi pamene ine ndaima a tcheya, ndi ulemu wonse. Maganizo anuwo ndawakonda ndipo ndi omwe ndimafuna, ana akhale pafupi ndi kwawo. Koma taonani ntchito imene mwandionjezera, gulu lapadera maola awiri, mitingi ndi madamu, kulemba kaundula, kuperekeza ana 30 kudutsa nawo msewu Lachisanu lililonse, pamenepo tiana tina 44 tatsala ndi mnzanga mmodzi. Madamu pakutha pa mwezi alandira, yochepa koma alandira. Ahedi alandira. Ine ndibwerera kunyumba 1 koloko kukayamba kukazinga zitumbuwa kuti ana anga adye. Boma lidzalemba mu lipoti kuti ana akuti akuti alandira maphunziro okonzekera aulere, koma ulerewo walipira ndi nsana wanga. Sindikupempha salale ya mphunzitsi. Ndikupempha kuti pa pepala la mgwirizanolo palembedwe kuti mlezi ndi wantchito, dzina lake lipite ku khonsolo ndi ku Social Welfare kuti thandizo likabwera lisatidumphe, ndipo thireningi ikapezeka, kaya ya AECDM, bungwe loona za mmera mpoyamba, kaya ya boma, tiyambe ndife amene tili kale ndi anawa osati kubweretsa achibale a anthu amene sanagwirepo mwana wa mnzawo

Madamu Nambewe: Ine ndisayina nawo pamenepo. Ndipo ndinene poyera, mitingi ya masabata awiriyo ndibwera ndine kwa iwo, asamavutike kukwera mtunda. Ndikufunanso ndidzaone za zitsekererozo, mwina nane ndiyambe kutoletsa ana anga 131 aja

Achimwene a ku Joni: Ine nditumiza ya simenti matumba awiri ya masilabu a zimbudzi aja alangizi anena, a admin munditumizire nambala ya msungichuma ku inbox osati pano

Admin Gondwe: Zikomo achimwene, ndikutumizirani

Bambo a Yami: Koma ndifunse mopanda manyazi, ife amene ana athu ali ku nasale zolipira titani? Mayi amene amasunga wangayo si wolemera ayi, ndi ka nyumba ka zipinda ziwiri ana 25, ndipo amandisungira mwana mpaka 5 koloko madzulo poti mayi ake amagwira mu shopu ku Limbe. CBCC imaweruka 11 kapena 12, ine nthawi imeneyo ndili pa msewu. Iyeyo mu mgwirizanomu alowa?

Tcheyamani wa komiti: Dzulo sitinawaitane ndipo ndikuvomera kuti tinalakwitsa. Mdera lino tinasale totere tilipo tambiri kuposa ma CBCC, ana awo akubweranso kwa madamu omwewa

Nachisale: Koma amenewo ndi bizinesi, boma lithandize bizinesi ya munthu?

Madamu Nambewe: Choko ndi phala mwina ayi, koma kukhala nawo pa mitingi yokonza zophunzitsa palibe chimene tiluza. Bola asiye kupatsa tiana ta zaka 3 homuweki ndi mayeso a pa teremu olemba nambala 1 nambala 2, ndinaona lipoti la mwana wa mchemwali wanga lolembedwa kuti wakhala nambala 19, mwana woti akuyamwa chala, mayi ake anamukalipira mpaka analira

Mayi Phiri Zitenje: Wanganso anabwera nalo lotero, ndinkaona ngati ndi zabwino

Alangizi a zaumoyo: Ndipo mwa ana amenewa musaiwale aulumali. Kuli kamnyamata kena kosayenda bwino kamene agogo ake amakabereka kupita nako kwa mayi a Tadala chifukwa ndi mayadi ochepa, ku pulayimale sangakafikitse tsiku ndi tsiku. Lachisanu lopita kusukululo mukonze kuti kapita bwanji, kasatsale kokha pa mphasa anzake atapita

Mayi a Tadala: Ameneyo ndimubereka ndekha alangizi, ndi wopepuka, ndipo ndi amene amatsogolera nyimbo

Che Jafali: Mayi a Tadala mawa ndibweradi 8 koloko monga mwanenera, ndili ndi matabwa otsala pa shedi ndione ngati angapange ka benchi kapena bolodi. Ndipo mawu anga oyamba aja munditayire

Mayi a Tadala: Palibe mlandu bambo, bwerani. Mukafika pa mjigo wakufa uja mukhotere kumanzere, mudzamva phokoso lokha

Tcheyamani wa komiti: Ndiye tipange chonchi. Ndikawauza ahedi kuti tikumanenso Loweruka likudzali 2 koloko masana, koma ulendo uno ku tchalitchi komwe kuli CBCC osati kusukulu, kuti aliyense aone ndi maso. Ndiitana amfumu, a block leader, wa ku Social Welfare amene amayendera dera lino ndi eni nasale amene ndingawapeze. Mayi a Tadala mulembe zimene mwanenazi pa pepala mfundo zake, muuzenso anzanu a malo awiri enawo alembe zawo ndi chiwerengero cha ana a zaka 5. Madamu mubwere ndi buku la sitandade 1

Nachisale: Loweruka 2 koloko kuli chinkhoswe kwa a Banda, theka la gulu lino likhala kumeneko

Tcheyamani wa komiti: Aaa ndinaiwala. Lamulungu tikaweruka mapemphero?

Mayi a Tadala: Lamulungu tchalitchi chimakhala ndi eni ake mpaka 3 koloko ndipo zithunzi za ana zimakhala titachotsa. Bwanji Lolemba 1 koloko ana atangoweruka, mupeze zonse zili mmalo mwake, poto tisanatsuke

Madamu Nambewe: Lolemba ndikwanitsa, ndimaweruka 12

Bambo a Yami: Ine ndipempha kondakitala wina andigwirire, ndibwera ndi mayi wa ku nasale uja